Galu wa aChiphaliwali

Usiku woyamba umene kagalu kanagona m'khola ndinadzidzimuka ndi phokoso la zikhadabo pa lata. Kwalakwala, kwalakwala, kenako zii, kenako kwalakwala. Sikankalira monga amalirira ana agalu. Kankakumba, ngati kakuganiza kuti lata lili ndi pothera. Mwana wanga anatembenuka pambali panga, ine n'kumupatsa bere msanga kuti asadzutse a m'nyumba yaikulu. Nthawi imeneyo ndinkangokamvera chisoni kagaluko. Mantha anabwera pambuyo.

Mwini wake ndi apongozi anga aamuna, bambo a mwamuna wanga. Mumsewu mwathu palibe amawatchula dzina. Onse amati aChiphaliwali, chifukwa cha kuwala kumene kumang'anima pamwamba pa mpanda wathu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndi owotcherera zitsulo.

Anayamba ali mnyamata pa kampani ina yokonza mabasi. Amanena okha kuti chaka choyamba sanaloledwe kukhudza makina. Ntchito yawo inali kugwira chitsulo ndi manja n'kutsinzina, mmisiri akuwotcherera. Akasuntha pang'ono, mmisiriyo ankawagunda pamkono ndi ndodo yamoto. Zipsera zake zilipo mpaka lero, timadontho toyera tondondozana kuchokera pachikhatho kukafika pachigongono, ndipo amazionetsa kwa makasitomala monga ena amaonetsera satifiketi. Kampaniyo itatsekedwa anagula makina akale n'kuimika shedi pabwalo la nyumba yawo. Mageti onse a mumsewu uno ndi a manja awo, zitsulo za m'mawindo, mabedi, mashelefu a m'magolosale. Chimene awotcherera iwo sichiphwasuka. Pamenepo palibe angawanene.

Ife timakhala kuseri, m'chipinda chimodzi chimene kale ankasungiramo utoto. Ndinabwera pakhomo pano ndi mimba, nditasiya sukulu fomu 3. Mwamuna wanga amayendetsa lole ya katundu. Amabwera kudzagona ndi kuchapitsa zovala, n'kunyamukanso. Apongozi aakazi, amene ndimangoti amayi, amagulitsa zovala pamsika ndipo amalawirira m'mamawa. Ndiye masana onse pabwalo timatsala atatu: aChiphaliwali, ine ndi mwana.

Sanandinenepo "iwe". Sanandikalipirepo. Mawu awo kwa ine ndi "apongozi", otsitsa, aulemu, maso ali kumbali. Koma ulemu wawo umakhala ndi ntchito kumapeto kwake. Owotcherera maso amawavuta, amachita ngati athiridwa mchenga. Zikatero amatuma amayi ndi supuni pakhomo panga. "Bambo akuti muwagawireko mankhwala." Ndimatembenukira kukhoma n'kufinyira mkaka m'supunimo, amayi n'kupita nayo pang'onopang'ono kuti usatayike, kukawadonthezera m'maso. Kukacha amandipatsa moni ngati sadziwa kumene mankhwalawo anachokera.

Mdzukulu wawo amamukonda m'njira yawo. Amamutcha Kanati. Anamupangira kangolo ka zitsulo kophunzirira kuyenda asanayambe n'kukhala komwe. Koma pansi sindingamuike. Bwalo lonse ndi tizidutswa ta malata, timisomali ndi timoto tothetheka pa gilayinda, makina odulira zitsulo. Kanati amakhala kumsana kwanga tsiku lonse, pochapa, pophika, potunga madzi.

Akuba anabwera nyengo ya mvula. Sanavutike n'kulumpha mpanda. Anadula loko wa pageti n'kulowa ngati eni ake, kutenga gilayinda ndi nthambo zonse za makina. Kubedwa kokhako apongozi akanapirira. Chimene chinawadya ndi kuseka kwa anthu. Makanika wa pakona, mnzawo wakalekale, anaima pageti n'kufuula msewu wonse ukumva:

"AChiphaliwali! Geti langa lija mubwere mudzalizule, ndikagule lina kwa munthu amene sabedwa!"

Apongozi anaseka nawo, koma tsiku limenelo sanadye.

Kunja kwa tauni kuli malo amene amasungirako agalu otayidwa. Apongozi anaitanidwa kukakonza zitseko za makola, n'kubwerako ndi nkhani. Kunali tiagalu timene anthu anatipeza m'ngalande, titamangidwa m'thumba la simenti, tina titafa kale. Mwa totsalato kanalipo kamodzi kosakhazikika. Kanawalanda golovesi m'thumba n'kuthamanga nayo bwalo lonse, antchito onse osakagwira.

"Kameneko kali ndi moto," anauza amayi. "Kakungofunika woti akalozere koyenera kuwotcha."

Agaluwo amawapereka kwa munthu amene waonetsa kuti awasunga bwino, atawabaya kale katemera. Koma mayi woyang'anira malowo amayamba wabwera kudzaona pakhomo.

Tsiku limenelo tinasesa bwalo mpaka kutola timisomali ndi zala. Apongozi anavala malaya oyera. Ine anandiuza kuti ndikhale pamkeka pakhonde ndi mwana, pamalo poonekera. Mayiyo anali wamfupi, wa nsapato zamatope, juzi lake ubweya wa agalu wokhawokha. Atangotsekula bokosi limene anabwera nalo, kagalu kanatuluka ngati kaponyedwa. Kanali kofiirira, miyendo italiitali, khutu lina chilili lina logwa. Kanazungulira shedi, kugwetsa chitini cha utoto, kumenyana ndi tsache, kenako kanafika pamkeka n'kuyamba kunyambita mapazi a Kanati. Mwanayo anaseka mpaka kutsamwa. Ndinali ndisanamumvepo akuseka choncho.

"Mwaona?" anatero mayiyo. "Aka ndi ka ana. Kamangofuna kuthamanga basi. Mukakatsekera kadzapenga. Koma pano pali malo, pali mwana, kakhala bwino."

"Akulira limodzi awiriwa," anatero apongozi, akukasisita pamutu.

Mayiyo anatchula dzina limene anakapatsa kumeneko, apongozi n'kulibwereza bwinobwino ngati akuliloweza. Galimoto yake itangokhota pakona apongozi anavula malaya oyera aja n'kuyatsa makina. Pofika madzulo khola linali litatha kuseri kwa shedi: malata mbali zonse, lata pamwamba, ndi chitseko cha zitsulo chimene anachiphimba ndi chiguduli kuti kuwala kusalowe.

"Dzina lija muliiwale," anatiuza. "Galu wa dzina aliyense amamuitana, wakuba yemwe. Uyu asaone munthu. Dzanja lomudyetsa ndi langa lokha."

"Nanga si khanda limeneli, bambo?" anatero amayi.

"Inenso ndinali khanda," anayankha.

Kagalu kanakumba malata mpaka zikhadabo kutha, koma ukali sunabwere. Apongozi akatsekula kuti akapatse chakudya, kankawalumphira pachifuwa, kukodza ndi chimwemwe, kuwanyambita ndevu. Ankakakankha ndi nsapato, iko n'kumaganiza kuti ndi masewera. Ankabwerera kushedi akupukusa mutu.

Tsiku lina ndikuyanika matewera anazimitsa makina.

"Apongozi, pali kantchito kakang'ono."

Anafotokoza ngati akufotokoza kayezedwe ka windo. Galu wolondera amafuna anthu awiri, womudyetsa ndi womuzunza. Mlonda wa kukampani ya mabasi kuja ankatero ndi agalu ake, ndipo palibe anabapo ngakhale sipanala. Womuzunzayo amabwera atabisa nkhope, kumenya khola, kumuthira madzi, kumutosa ndi ndodo, mpaka galu adziwe kuti mlendo ndi chiyani. Akauwa, womuzunzayo athawe, galu aone kuti wapambana. Pamenepo mwini wake afike ndi mbale.

"Ine sindingathe, ndine womudyetsa. Amayi anu masana kulibe. Amuna anu mukudziwa nokha. Komanso ife ndi eni khomo, sizingaoneke bwino." Anayang'ana kumpanda. "Inu ndiye alendo pano."

Pakhomopo ndinali nditaberekerapo mwana.

"Bambo," ndinatero, "galu amadziwa munthu ndi mphuno. Tinaphunzira kusukulu. Adzandizindikira."

"Sukulu yake iti, munaisiya ija?" Anafunsa mofatsa, ngati akufunadi kudziwa. Kenako anatenga chigoba chawo chakale chowotcherera, cha galasi lakuda, ndi chikhoti cha mvula chimene kasitomala wina anaiwala. "Mukavala izi ngakhale mayi anu okuberekani sangakudziweni."

"Nanga mwana?"

"Ali kumsana. Galu aona kumsana?"

M'chigoba chowotcherera munthu saona kanthu koma mdima ndi zithunzithunzi. Munkanunkha thukuta lawo ndi fodya. Chikhoti ndinkachivala chakutsogolo, pakuti kumbuyo kunali Kanati. Ndinkafika pakhola, kuchotsa chiguduli, n'kuyamba kumenya malata ndi paipi. Tsiku loyamba kagalu kanabwera pazitsulo kakugwedeza thupi lonse, kakunyambita paipiyo.

"Katoseni," anatero apongozi ali m'shedi mmene anabisala.

Ndinakatosa m'nthiti. Kanakuwa, kubwerera m'mbuyo, kenako kanabweranso kakugwedeza mchira, pang'ono tsopano, ngati kakufunsa. Ndinakathira ndowa ya madzi. Kanati, ndi phokoso la malata lija, anali akulira mokuwa pafupi ndi khutu langa. Ndipo mwana akalira mkaka umatuluka wokha. Unkanyowetsa bulauzi mkati mwa chikhoti, ineyo n'kumaumva fungo. Ngati ndinkaumva ine, nanga galu?

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku, dzuwa likafika pamutu. Paipi, madzi, kulira kwa mwana, fungo la mkaka. Ndinayesa kuchenjera, kumenya malata mwamphamvu koma paipi osaifikitsa pathupi. Koma munthu amene wakhala ndi zitsulo moyo wake wonse amadziwa kulira kwa chilichonse.

"Apongozi, mukungondipindira malata. Galu mukumusiya."

Mwamuna wanga atabwera ndinamuuza tili pabedi, monong'ona.

"Ndi galu chabe," anatero. "Ungochita, atopa nazo. Iwe sukuwadziwa. Ine anandiphunzitsa kusaopa mdima ponditsekera m'diramu."

"Ndiye unasiya kuopa?"

"Tagona. Ukufuna atithamangitse? Tikalowera kuti?"

Kagalu kanakula mumdimamo n'kukhala galu. Anasiya kubwera pazitsulo. Ndikachotsa chiguduli ankadzipanikiza pakona, maso okha akuwala. Kenako tsiku lina ndinamva kudzuma kochokera pansi pa mimba, ndipo ndisanakweze paipi anagunda chitseko ndi chifuwa chonse, mano pazitsulo. Ndinathawa, ndipo sikunali kunamizira. Apongozi anatuluka akuomba m'manja. Madzulo anakagula mafupa kubutchala.

Iwo anaona galu waukali. Ine ndinkaona zina. Makasitomala akalowa pageti n'kumalankhula, m'khola munkamveka kulira kopempha, mchira ukumenya lata, pha, pha, pha. Ndikadutsa ine ndi ndowa, wopanda chigoba, wopanda chikhoti, munkangoti zii. Kanati akangolira, ngakhale tili m'chipinda titatseka, galu ankadziguguda pamalata mpaka khola kugwedezeka. Ndinawauza apongozi.

"Ndi mantha anu amenewo, apongozi. Azimayi a ana aang'ono mumamva zambiri."

Mayi wa agalu uja anaimba foni kuti abwera kudzaona mmene zinthu zikuyendera. Apongozi anamutulutsa galu, kumusambitsa ndi sopo wanga wochapira, n'kumumanga pachingwe chachitali pansi pa mtengo. Kutsogolo kwa khola anaunjikako matayala ndi zitseko zakale.

"Inu mwapita kusikelo," anandiuza. "Mutseke chitseko."

Ndinaonera pa kampata ka katani. Galu atangomuona mayiyo anaimirira ndi miyendo iwiri, kulira ngati mwana, kumunyambita kumaso mpaka magalasi kugwa. Mayiyo anagwada n'kumugwira mapazi, kuwatembenuza.

"Zikhadabozi zatha bwanji chonchi? Ndipo kuwala akukuopa, taonani mmene akutsinzinira."

"Amakumba ameneyu, mayi. Maenje bwalo lonse, ndimachita kukwirira. Wamphamvu."

"Kanzake kaja kali kuti?"

"Kapita kusikelo ndi mayi ake. Mukanawaona. Sasiyana."

Kanati anayamba kutakataka, ndipo ndinaona makutu a galu akutembenukira kuchipinda chathu. Ndinamutseka mwanayo pakamwa ndi bere. Chitseko chinali pafupi, ndikanangotambasula dzanja. Koma ndinaganiza: mayiyu atenga galu wake, akwera galimoto, apita. Ine nditsala pano ndi anthu awa. Mayiyo anasiya mankhwala a njoka zam'mimba, n'kunena kuti galuyo azidya mokwanira, n'kupita.

Apongozi anaima nthawi yaitali akumuyang'ana galu.

"Mlendo wabwera, iye kumunyambita," anatero. "Ntchito siinapse, apongozi. Kuyambira mawa, m'mawa ndi masana."

Patapita miyezi anayamba kumamutsekulira kukada. Ife tinkalowa m'chipinda dzuwa lisanalowe, ndi ndowa, osatulukanso mpaka titamva loko wa khola m'mawa. Pansi pa chitseko chathu tinkapeza dothi litafukulidwa.

Linali Loweruka masana pamene makanika anabwera ndi kalipentala wa kuseri kwa msika, onse atalawako. Ine ndinali kumpopi, kuseri kwa nyumba yaikulu, ndikuchapa. Mawu awo ndinkawamva.

"Tionetseni mkango wanuwo, aChiphaliwali. Miyezi yonseyi tikungomva mbiri."

"Mukufuna kupita kwanu ndi miyendo yonse?"

"Tsekulani! Ine mwendo uwu ndi wanyamakazi kale, adye womwewu."

Anandiuza makanika pambuyo pake mmene zinayendera. Galu anatuluka n'kuthamanga kuzungulira bwalo ngati wamisala, kulumpha mageti osatha, kugwetsa mabotolo. Kenako anafika pa makanika, kumuika mapazi pamapewa n'kumunyambita khosi. Kwa kalipentala anagona chagada kuti amukande pamimba. Kuseka kwawo kunafika mpaka kumpopi.

"Ameneyu ndiye adzawanyamulira akuba gilayinda mpaka kunyumba kwawo!"

"Mumugulire taye, aChiphaliwali, azilandira alendo pageti!"

Ndinamva kusekako n'kuganiza kuti galu ali pa tcheni, pakuti palibe anandichenjeza. Ndinasenza beseni kuti ndikayanike. Nditangotulukira pakona, Kanati, amene phokoso lija linamudzutsa, analira.

Galu anali chagada. Anatembenuka n'kuima. Sanauwe. Anatsitsa mutu n'kuyamba kubwera, osati molunjika, koma mozungulira, kufuna kumbuyo kwanga. Ndinaponya beseni. Pafupi panali khoma la shedi, ndinabwerera chambuyo mpaka ndinamva mwana akhudza lata, ndipo ndinamupanikiza pamenepo, pakati pa msana wanga ndi khoma. Galu atalumpha ndinamupatsa mkono. Ndinamva mano akufika pafupa. Anasiya, chifukwa si umene ankafuna. Analowa cham'mbali n'kugwira mbereko pamene panatulukira phazi la mwana, n'kuyamba kukoka chambuyo, akupukusa mutu. Mfundo ya pachifuwa inayamba kusereka. Ndinaigwira ndi dzanja lolumidwa lija, magazi akuterera.

Makanika anamumenya ndi thabwa. Kalipentala anamukoka mchira. Galu sanamve chilichonse. Anasiya apongozi ataimba mluzu n'kugogoda mbale yake pansi. Anathamangira kwa iwo akugwedeza mchira, chidutswa cha mbereko chili kukamwa.

Kanati ankalirabe. Apongozi anamugwira galu pakhosi n'kuwayang'ana anzawo aja, nkhope ikuwala.

"Mwaona? Paja mumati saluma."

"AChiphaliwali," anatero makanika, mowa utamuthera, "amenewa ndi apongozi anu."

"Ndikuona."

"Ali ndi mwana kumsana."

"Mwanayo wamuluma?"

Sanamulume. Anali ndi chilonda pachipumi pamene ndinamukhulitsa pa lata, ndipo sokosi imodzi panalibe.

Makanika ananditengera kuchipatala pa galimoto ya kasitomala wake. Amayi anatipeza pamzere, atatseka benchi yawo msanga. Anandilandira mwana, kumupukuta, kenako anandinong'oneza:

"Akakufunsani munene kuti ndi galu wa mumsewu. Mukati ndi wathu abwera kudzamutenga, ndipo bambo sadzakukhululukirani. Ine ndakhala nawo, mwanawe. Ndikudziwa."

Ndinanena kuti ndi wa mumsewu. Anandisoka, n'kundilembera majakisoni a chiwewe, oti ndizibwererabwerera kukabayitsa, chifukwa cha galu amene ndinkadziwa kuti ali ndi katemera. Namwino anandikalipira kuti amayi a masiku ano timayenda ndi ana paliponse osayang'ana.

Nditabwerako apongozi anabwera pakhonde, zimene sachita kawirikawiri. Anafunsa za mkono. Anamupatsa Kanati bisiketi.

"Kantchito kaja katha, apongozi. Mwagwira bwino. Chigoba chija mubweze, ndichifuna."

Nkhani inayenda msewu wonse, ndipo inayenda mowakomera. Galu wa aChiphaliwali analuma mpongozi wawo yemwe, nanga wakuba angamutani? Ana a sukulu anayamba kuwolokera tsidya lina akafika pageti pathu. Wa golosale anabwera kudzafunsa ngati angamupangire khola lofanana nalo. Zoti galuyo ananyambita makanika palibe ankazikumbuka, ndipo makanikayo anasiya kubwera.

M'masabata omwewo Kanati anayamba kuima. Ankagwira mwendo wa bedi, kenako khoma, mpaka kukafika pachitseko n'kumachimenya ndi kachikhatho. Kumsana anayamba kukana, kudziwongola, kundimenya ndi zidendene. Mwana woyenda sungamusunge m'chipinda chimodzi. Tsiku lina ndikutembenuka kuti nditenge sopo ndinamupeza ali kale pakhonde, akuloza kukhola, akuseka. Kuseri kwa shedi kunali zii.

Ndinamubereka, kumanga mfundo ziwiri, n'kupita kushedi. Kanali koyamba kupitako osaitanidwa. Ndinaima mpaka anandiona n'kukweza chigoba.

"Bambo, galuyu abwerere kumene anachokera. Mayi aja amulandira."

"Walakwa chiyani?"

Ndinawaonetsa mkono.

"Wachita zimene anaphunzitsidwa," anatero. "Galu wotero sabwezedwa."

"Sadana ndi akuba, bambo. Amadana ndi ine ndi mdzukulu wanu. Akamva mwanayu akulira amapenga. Tsiku lina loko mudzaiwala, kapena mudzatsekulira alendo ena."

"Anamuphunzitsa zimenezo ndani?"

"Munandituma ndinu."

"Paipi inali m'manja mwa ndani, apongozi?"

Kanati anatulutsa mutu pambali panga n'kutambasulira manja kwa agogo ake. Anamuyang'ana, kuyang'ana chipsera cha pachipumi, ndipo ndinaona kuti chawalowa. Anavula golovesi n'kumugwira kaphazi, komwe kaja, kukazunguliza ndi zala zawo zakuda.

"Ndamva," anatero. "Mundipatse nthawi ndiganize."

Anaganizadi. Ntchito inaima. Madzulo ndinkawaona atakhala pa diramu pafupi ndi khola, chitseko chili chotsekula pang'ono, akumudyetsa galu m'manja, mutu wake uli pabondo pawo. Palibe chamoyo china pakhomo pano chimene chimawathamangira akamabwera. Nthawi zina ankadzuka n'kudzaima pakati pa bwalo, kuyang'ana khonde lathu, kuyang'ana geti, milomo ikuyenda. Amayi anandiuza kuti sakugona. Mwamuna wanga pafoni anati, "Waona? Ndinakuuza kuti ndi munthu. Ungodikira."

Lachiwiri m'mawa apongozi anagogoda. Amayi anali kumbuyo kwawo, atachedwa dala kupita kumsika, maso ali pansi.

"Apongozi, ndaganiza. Mdzukulu wanga salumidwa ndili moyo ine. Zimenezo muchotse mumtima."

"Zikomo, bambo," ndinatero.

"Galu uja wakula. Khola lamuchepera, akakhalitsa m'menemo miyendo ipindika. Ndipo akuba a masiku ano amabwera ndi masana omwe. Ndiye aziyenda pabwalo, usana ndi usiku." Anagogoda mzati wa khonde ndi chala, kumvetsera. "Khonde lanuli nditchinga. Kuchokera apa kukafika apo, mpaka kudenga. Zitsulo zoyandikana, mphuno yake isalowe, dzanja la mwana lisatuluke. Azisewera momasuka, kamphepo kakupita."

"Nanga kumpopi, bambo? Kuchimbudzi?"

"Muziitana. Ine ndimakhala pompano. Ndizimugwira galu n'kukutsekulirani."

"Kutitsekulira?"

"Loko akhala kunja. Ana amachenjera msanga, mukaika mkati tsiku lina adzatsekula yekha, mlandu n'kukhala wanga."

Ndinayang'ana amayi. Anali akuchotsa kaulusi pa siketi yawo.

"Mukapita kokagwira ntchito kutali?" ndinafunsa. "Mwana akadwala inu kulibe?"

"Sindichedwa ine." Anamwetulira Kanati, amene anali atagwira mwendo wanga. "Ndipo sizioneka zoipa ayi. Ndiikamo timaluwa ta zitsulo pamwamba, ngati geti la adokotala lija. Utoto musankhe nokha, apongozi, pali wobiriwira ndi woyera."

Anati zitsulo zilipo kale, zotsala pa ntchito ya kusukulu ya mkaka, sipafunika kudikira. Anapempha kuti madzulo ndichotse mbaula ndi mkeka pakhondepo, ndipo mawa mwana ndimutsekere m'chipinda, kuwala kungamuwononge maso. Ayamba kukangocha.